Mona Minkara, katswiri wa sayansi wosaona amene akufufuza za mapapo

Dr. Mona Minkara ndi mphunzitsi komanso wofufuza pa yunivesite ya Northeastern mumzinda wa Boston ku America. Amagwira ntchito m'gawo la bioengineering, lomwe limaphatikiza luso la uinjiniya ndi maphunziro a zamoyo pofuna kupeza njira zochizira matenda. Mayiwa saona.

Mona anabadwira ku America, koma makolo ake ndi ochokera ku Lebanon. Ali ndi zaka 7 anamupeza ndi matenda owononga mbali ya mkati mwa diso imene imalandira kuwala, ndipo maso anayamba kuchita mdima pang'onopang'ono. Dokotala wina anauza mayi ake kuti kumuphunzitsa mwanayo n'kutaya ndalama, koma makolowo sanagwe ulesi. Mu 2009 anamaliza digiri yoyamba pa koleji ya Wellesley, ndipo mu 2015 anatenga digiri ya PhD ya chemistry pa yunivesite ya Florida. Atachita kafukufuku ku Minnesota, anayamba ntchito ku Northeastern mu 2019.

Kafukufuku wa a Minkara wagona pa timadzi toterera ta m'mapapo totchedwa surfactant. Timadziti timathandiza kuti timatumba ta mpweya tisamatane munthu akapumira kunja. Ana obadwa masiku asanakwane amakhala nato tochepa, n'chifukwa chake ambiri amabanika, vuto lomwe anamwino a m'zipatala za ku Malawi amalidziwa bwino.

Tizidutswa topanga timadziti n'tating'onoting'ono moti ngakhale wamaso akuthwa sangatione. A Minkara amagwiritsa ntchito kompyuta poyerekeza mmene timayendera ndi mmene timagwirirana. Zolembedwa amazimva kudzera pa pulogalamu yowerenga mokweza, ndipo ali ndi anthu owathandiza kufotokoza zithunzi. Mu 2022 anali m'gulu la akatswiri omwe anaonetsa kuti zithunzi za sayansi zitha kusindikizidwa motukuza pa pulasitiki yopyapyala. Wosaona amasisita ndi nsonga za zala, woona amayang'anitsa pa kuwala, ndipo onse amawerenga chinthu chimodzi.

Mayiwa amamenyeranso ufulu wa anthu aulumali. Mu 2019 anapata mphoto ya Holman, yoperekedwa kwa anthu osaona, ndipo ndalamazo anajambulira makanema otchedwa Planes, Trains, and Canes. Anayenda ndi ndodo yoyera pa basi ndi sitima ku Johannesburg, London, Istanbul, Singapore ndi Tokyo, kuonetsa zomwe zimathandiza ndi zomwe zimatchinga wosaona paulendo.

Nkhaniyi ikukhudzanso madera a ku Malawi ngati Chezi, m'mapiri a Dowa, komwe njira za kusukulu n'zamiyala ndi zitunda, ndipo mwana wosaona amafuna womugwira dzanja kuti akafike m'kalasi. M'chigawo chapakati ana otere amaphunzira zilembo za Braille m'malo ngati Chilanga ku Kasungu ndi Malingunde ku Lilongwe, pomwe koleji ya Montfort ku Chiradzulu imasula aphunzitsi awo. Chomwe chimasowa kwambiri ndi mabuku a masamu ndi sayansi a Braille, zithunzi zogwirika ndi makompyuta olankhula. Zipangizo zothandiza osaona, pamodzi ndi makolo osabwerera m'mbuyo, n'zimene zinafikitsa a Minkara pomwe ali lero.