Mpatuliro Wasiya Kundizunza

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a kachewere kuno ku Bembeke, kwa T/A Kamenyagwaza, ndipo kwa nyengo zitatu za kukolola mdani wanga wamkulu sanali chiwawu cha mbatata kapena mavenda ogula motchipa. Anali kachizindikiro kaja tinaphunzira ku pulayimale, mpatuliro, kamene ambiri amangoti koma.

Wogula wathu wa ku Lilongwe amafuna mndandanda wa alimi pafayilo ya CSV. Fayiloyi ndi yosavuta kuimvetsa: mlimi aliyense mzere wake, ndipo dzina, mudzi, nambala ya foni, matumba ndi ndalama zimalekanitsidwa ndi mpatuliro. Basi. Koma ine ndalama ndimalemba monga timalembera tonsefe, K150,000. Kompyuta ikaona mpatuliro pakatipo imadula ndalamayo pawiri, K150 mbali ina, maziro atatu mbali ina. Mayi wina amene anapereka matumba ake bwinobwino anapezeka kuti alandira ndalama yosakwana ngakhale mandasi a ana. Anandipeza pakhomo m'mamawa, nkhungu isanachoke paphiri la Dedza, chitenje atamanga m'chiuno. Mawu amene anandiuza sindingawalembe muno.

Zinalipo zina. Ndikalemba mudzi kenako mpatuliro kenako dzina la mfumu yaikulu, zonse zimasunthira kumanja, mpaka nambala ya foni kukakhala pamalo a matumba. Pulogalamu ya matebulo imene ndinkatsegulira fayiloyo inkameza ziro woyamba wa manambala a foni, aja oyamba ndi 088 kapena 099, ndiye ndalama zapafoni osapita. Chilembo ŵ cha m'maina ena chinkasanduka tizizindikiro tosaoneka mutu wake. Ndinkakonza mzere ndi mzere usiku wa mu Julaye, zala zitauma ndi chisanu, mbaula ili pamapazi, akazi anga akufunsa ngati laputopuyo ndi mkazi wachiwiri.

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta, anabwera kutchuthi n'kundipeza ndikuwerenga mipatuliro ndi nsonga ya bolopeni pagalasi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amalume, ntchito imeneyi anthu anasiya kalekale. Tabweretsani kuno."

Analemba timapulogalamu tiwiri m'chinenero cha Python, tonse pamodzi tosadzaza tsamba limodzi la kope. Kena anakatcha werenga, kena lemba. Ndinafunsa ngati kompyuta imamva Chichewa, iye n'kuti dzina ndi dzina, kaya ukatche Chatsalira kadzayankha. Anandionetsa kuti ntchito yeniyeni ikugwiridwa ndi chida chotchedwa csv chimene chimabwera kale ndi Python kuyambira mu 2003. Ine nyengo zitatu zonsezo ndinkatunga madzi ndi dengu, mjigo uli kuseri kwa nyumba!

Chinsinsi chake n'chochititsa manyazi kuchepa kwake. Chinthu chikakhala ndi mpatuliro m'kati mwake, lemba amachikuta ndi mitengero, ndipo werenga akaona mitengeroyo amadziwa kuti "K150,000" ndi chinthu chimodzi, osachidula. Lamuloli linalembedwa m'chikalata cha RFC 4180 mu 2005. Werenga amatenga chilichonse ngati mawu, sathamangira kuchiyesa nambala, ndiye ziro wa pafoni amakhala pamalo pake ngati mfumu pamaliro. Pa ŵ anangowonjezera mawu oti utf-8, chilembocho n'kubwerera ndi chipewa chake. Mzere woyamba wa fayiloyo, umene umakhala ndi mitu, werenga amaugwiritsa ntchito ngati maina, choncho ndikafuna matumba ndimaitana matumba, sindiwerenganso kuti ali pachinayi kapena pachisanu.

Anandichenjeza chinthu chimodzi, chala m'mwamba ngati aphunzitsi aakulu: ndisamatsegule fayiloyo mu pulogalamu yakale ija n'kuisunganso, ziro adzathawanso. Ndinayesa kamodzi mwakabisira. Anathawadi.

Tsopano tamverani za lero. Galimoto ikafika kudzanyamula matumba, ndimaika tiyi pamoto, kukanikiza batani, ndipo madzi asanawire mndandanda wapita ku Lilongwe. Mafoni a alimi amalira motsatizana ngati achule a m'dambo mvula yoyamba itagwa. Pamsonkhano wapitawu apampando anandiyamikira pamaso pa anthu kuti ndasintha, ine n'kungogwedeza mutu mwaulemu, osatchula mwana wa mlongo wanga ngakhale pang'ono. Iyeyo ndinamulipira ndi thumba la kachewere wosankhidwa ndi chipisi cha pamsewu wa M1, ndipo akuti ngongoleyo sinathe.

Mayi wa K150 uja anabweranso sabata yatha m'mamawa. Mtima unagunda, ndinayamba kuyang'ana khomo lakuseri. Anali atanyamula nkhuku.