Huva Yafika Kunyanja: Kodi Tinyanyale Chiyani?

Amene timakhala m'mphepete mwa msewu wa M5, kuyambira pa Golomoti kudutsa pa Mua mpaka pa Mtakataka, timaudziwa katundu amene amatsika m'galimoto ana athu akamabwera kuchokera ku Joni: matilesi, njinga, wailesi, firiji ndi makapeti okulungidwa bwino. Masiku ano pakati pa katunduyu pakumapezekanso makina ena okhala ndi paipi yaitali ngati chitamba cha njovu, amene ambiri akuwatcha huva. Ntchito yake ndi kumeza fumbi. Pa nthawi yomweyi m'mawailesi ndi m'mafoni mukumveka mawu otilimbikitsa kunyanyala katundu wakunja ndi kugula zopangidwa kwathu kuno. Tsono m'mabanja ena mwabuka funso: makina amenewa tiwalandire kapena tiwakane? Ife tikuona kuti funsoli layambira pakati. Loyenera kuyamba nalo ndi lakuti, kodi pansi pa nyumba yathu tayalapo chiyani?

Tiyambe tawadziwa makinawo. M'kati mwa huva muli mota imene imazunguza fani mwaliwiro. Faniyo imakankhira mpweya kunja, ndipo mpweya wina umathamangira kulowa kudzera kukamwa kwa paipi ija utanyamula fumbi, mchenga ndi tsitsi. Zinyalala zimatsalira m'thumba kapena m'kabokosi, mpweya n'kutuluka kudzera pa sefa. Basi, palibenso china. Sefa ikatsekeka makina amangolira osakoka kanthu, ndipo mota imatentha mpaka kupsa.

M'chaka cha 1901 Hubert Cecil Booth wa ku Britain anapanga makina okoka fumbi aakulu kotero kuti ankakokedwa ndi kavalo. Ankaima pamsewu, mapaipi n'kumalowera pazenera. Koma huva ya m'nyumba inachokera kwa munthu wosesa. James Murray Spangler ankasesa m'sitolo ina mumzinda wa Canton, ku Ohio, m'dziko la America, ndipo fumbi la m'makapeti linkamudzutsira mphumu. Anatenga fani, kabokosi, nsalu ya pilo ndi mpini wa tsache n'kuzilumikiza. M'chaka cha 1908 boma linavomereza kuti lusolo ndi lake, koma posowa ndalama analigulitsa kwa William Hoover, amene dzina lake ndi limene tikulitchula mpaka lero. Awerengi aone bwino apa: makinawa anabadwa chifukwa cha kapeti. Kumene kulibe kapeti, ntchito yawo ndi yochepa.

Dzina ndi lina, mwini wake ndi wina

Amene amati tinyanyale katundu wa dziko lakuti kawirikawiri amayang'ana dzina lolembedwa pabokosi. Pa nkhani ya huva dzinalo silinenanso zoona zonse. Hoover ya ku America inagulidwa m'chaka cha 2007 ndi kampani ya Techtronic Industries ya ku Hong Kong, ndipo ku Ulaya dzina lomweli linalowa m'manja mwa Haier ya ku China mu 2019. James Dyson, Mngelezi amene anatulutsa huva yake yopanda thumba ku Britain mu 1993, anasamutsira ntchito yopanga makinawo ku Malaysia mu 2002. Defy, dzina limene abale athu a ku Joni amalidziwa pa mafiriji ndi mbaula zamagetsi, inagulidwa ndi Arçelik ya ku Turkey mu 2011. Munthu angakane dzina limodzi n'kugula lina, osadziwa kuti ndalama zake zapita kudziko lomwe amalithawalo.

Ndipo kwa ife kuno nkhani ndi yachidule kuposa apa. Huva iliyonse imene ili m'sitolo ku Lilongwe kapena ku Limbe inaoloka malire. Palibe ya kwathu yoti tisankhe m'malo mwake.

Kunyanyala kumaluma pamene pali china chogwira m'malo mwa chokanidwacho. Amwenye atawotcha nsalu za ku Britain mumzinda wa Bombay m'chaka cha 1921 motsogozedwa ndi Mahatma Gandhi, anali ndi thonje lawo, opota ulusi awo ndi owomba nsalu awo. Akanakhala opanda zimenezi akanangoyenda ausiwa. Akuluakulu amakumbukira kuti nafenso tinali ndi wailesi za Nzeru zimene zinkalumikizidwa ku Blantyre, ndipo pa nthawi imeneyo munthu akanatha kunena kuti ndagula yathu. Lero wailesiyo yatsala m'nkhani za agogo.

Boma layesapo njira zake. Pa 18 March 2016 Pulezidenti Peter Mutharika anakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ndipo ogwira ntchito m'boma analimbikitsidwa kuvala zosokedwa kuno tsiku Lachisanu. Mu March 2025, nduna ya zamalonda ili Vitumbiko Mumba, boma linaletsa kuitanitsa katundu wina monga ufa, mpunga, mkaka, uchi, machesi, zotokosera m'mano, mipando yamatabwa ndi zokolopera. Pamndandandawo panalibe huva kapena firiji, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: munthu umaletsa chimene ungathe kupanga wekha. Ngakhale zinali choncho, dziko la Tanzania linabwezera mu April chaka chomwecho potsekera mbewu zathu pamalire a Songwe, mpaka maiko awiriwa anachita kukhala pansi n'kukambirana. Amalonda ang'onoang'ono, makamaka amayi, ndi amene anayamba kumva kuwawa.

Kumene makinawa akulowera

M'maiko olemera huva ikunka nichepa thupi ndi kutaya chingwe. Kuyambira mu 2017 maiko a mgwirizano wa ku Ulaya salola huva ya m'nyumba yoposa mawati 900. Zambiri zatsopano ndi za batire, ndipo zina ndi zoyenda zokha, zozungulira ngati mbale, zimene zimasesa eni nyumba ali kuntchito kenako n'kubwerera zokha pamalo pake kukatchaja. Yotchuka mwa izi, Roomba, inatuluka mu 2002. Kampani yake, iRobot ya ku America, inagwa ndi ngongole mu December 2025 ndipo inatengedwa ndi Picea ya ku China, yomwe inkaipangira makinawo.

Kodi tsogolo limeneli likubwera ku Golomoti? Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndi amene ankaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Zoona, pa Golomoti pomwepa pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu, amene anayamba ntchito mu 2022. Koma magetsi amenewo amalowa m'mawaya akuluakulu a ESCOM opita m'dziko lonse. Kukhala pafupi ndi malowo sikuyatsa babu m'nyumba. Ndipo ka sola ka padenga kamene kamatiunikira ndi kutchaja mafoni sikangadzutse huva ya chingwe, poti mawati 900 ndi ofanana ndi mababu 100 a mawati 9 oyaka nthawi imodzi.

Tinene chilungamo: kwa amene ali ndi magetsi, huva sidya mayuniti ambiri. Yuniti imodzi imakwana ola lathunthu ndi mphindi zingapo. Chodula ndi zosinthira. Thumba, sefa, lamba ndi batire zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsika mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023 mitengo yake inakwera nayo. Batire silikonda kutentha, ndipo tonse tikudziwa mmene kumakhalira kuno mu October. Likafa, makina onse amasanduka chokongoletsa pakona.

Pa zoyenda zokhazo tili ndi nkhawa ina imene banja lililonse losunga ulemu liyenera kuimva. Zina mwa izo zili ndi kamera, zimajambula mapu a nyumba yonse ndi kutumiza pa intaneti. Mu December 2022 magazini ya MIT Technology Review inaulula kuti zithunzi zojambulidwa ndi makina a Roomba amene anali oyeserera m'nyumba za anthu zinapezeka pa Facebook, china chili cha mayi ali kuchimbudzi. Mlendo timamuimika pakhonde mpaka amayi atafunda. Nanga diso loyenda lokha mpaka kuchipinda tingalilowetse bwanji osafunsa?

Tibwerere pansi

Nyumba yozira, nyumba ya simenti ndi nyumba ya matailosi sizifuna huva. Kuwaza timadzi musanasese kumagwetsa fumbi, ndipo kukolopa kumamaliza ntchito. Mphasa ya bango ndi mkeka wa mlaza timazitulutsa, kuzikutumula ndi kuziyanika padzuwa. Kapeti yodzaza chipinda ndi imene imasunga mchenga wa kunyanja pansi pa ubweya wake kumene tsache silifika, pamodzi ndi chinyezi cha m'dzinja ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadzutsa mphumu kwa ana. Banja likalandira kapeti yotere lalandiranso ngongole ya huva, ya sefa ndi ya magetsi, ngakhale silinaipemphe. N'chifukwa chake tikupempha makolo kuti mwana wa ku Joni akaimba kufunsa chimene atumize, muyankhe mutaganiza.

Apa ndi pamene kugula za kwathu kuli ndi mano. Pitani pamsika tsiku la msika muone mmene masache a pulasitiki, mikeka ya pulasitiki ndi zokolopera za m'mapaketi zachulukira, zambiri mwa izo zochokera kutali. Pomwe oluka mphasa, madengu ndi mipando ali pafupi, ena akugulitsira m'mbali mwa msewu wa Khwekhwerere wotsika kuchokera ku Masasa. Tsache la pulasitiki likathothoka limakatsekera ngalande, pamene la mlaza limakathera pamoto kapena kudzala n'kuwola. Ndalama yogulira la mlaza imagona m'mudzi momwemo, mawa lake n'kugula usipa kapena kope la mwana wa sukulu. Chimodzimodzi mbaula ya Chitetezo, youmbidwa ndi dothi ndi amayi a m'magulu, ndi chipangizo cha m'nyumba chimene tingaloze n'kunena kuti ichi ndi chathu. Tisabise kuti oluka ena amafulumira, mkeka n'kumasuka m'mphepete usanathe chaka. Wogula ali ndi ufulu wobweza ndi kunena, poti wopangayo amamudziwa nkhope.

Malo amodzi amene tikuona kuti huva ikufunikadi ndi kumzikiti. Mizikiti yambiri yatsopano inayalidwa makapeti, ndipo pamenepo pamagunda mphumi ndi mphuno za anthu kasanu pa tsiku, kuphatikizapo okalamba ndi odwala chifuwa. Kusesa ndi tsache kumangoulutsa fumbi, n'kudzateranso pomwepo anthu asanafole. Kumene kuli magetsi, komiti ingachite bwino kusonkherana n'kugula huva imodzi, m'malo moti mabanja khumi agule iliyonse yake. Isankhe ya chingwe osati ya batire, yopanda thumba, ya sefa yochapika, ndipo ifunse kaye ngati amisiri a mawailesi pa Salima kapena pa Dedza angaitsegule ikavuta. Pakhale munthu mmodzi woisunga ndi kukhuthula fumbi tsiku lililonse imene yagwira ntchito. Isamakoke madzi pakapeti ya pafupi ndi potawazira, chifukwa huva wamba ikamwa madzi mota imapsa ndipo munthu angagwidwe ndi magetsi. Ikakhala yochokera ku Joni, pulagi yake ndi ya mano atatu obulungira amene salowa m'soketi zathu za mano a makona anayi. Musakanikize mawaya ndi timitengo ta machesi. Dulani pulagiyo, mmisiri aike ya kuno yokhala ndi fyuzi ya 13.