Cifukwa cace oseŵera mpira a ku Brazil amadziŵika ndi dzina limodzi

Omvera ambiri amene amatsatira mpira pa wailesi amadziŵa Pelé, Zico ndi Kaká, koma ndi ocepa amene angachule maina awo obadwa nawo. Ku Brazil, kumene anthu amalankhula Cipwitikizi, munthu amaitanidwa ndi dzina lake loyamba kapena dzina loceza nalo, angakhale ali munthu wolemekezeka. Mwambo umenewu ndiwo unaloŵa m'bwalo la mpira.

Maina obadwa nawo amakhala aatali, pakuti mwana amatenga dzina la banja la amai ake, pambuyo pace la atate ake. Komanso maina a mabanja monga Silva, Santos, Oliveira ndi Souza ndi ofala kwambiri, kotero kuti gulu limodzi lingakhale ndi a Silva angapo. Dzina lalifupi limathandiza kusiyanitsa anthuwo.

Kufala kwa maina amenewa kuli ndi mbiri yoŵaŵa. Apwitikizi anafika ku Brazil m'caka ca 1500, ndipo pambuyo pace anatengera kumeneko akapolo mamiliyoni ocokera mu Africa, ambiri a iwo ku Angola. Anthuwo anawabatiza ndi kuwacotsera maina a kwawo. Ena anatenga maina a eni minda, ena maina a cipembedzo, monga dos Santos, kutanthauza "wa oyera mtima", ndi Nascimento, kutanthauza "kubadwa". Ukapolo unatha m'caka ca 1888, koma mainawo anatsala.

Maina oceza nawo ambiri amayambira panyumba. Pelé, amene anamwalira m'caka ca 2022, dzina lake linali Edson Arantes do Nascimento. Zimamveka kuti ali mwana analephera kuchula bwino dzina la Bilé, wogwira pagolo m'gulu la atate ake, ndipo anzake anayamba kumuseka nalo. Kaká ndi Ricardo Izecson dos Santos Leite. Mng'ono wake ndiye analephera kunena "Ricardo". Manuel Francisco dos Santos anachedwa Garrincha, dzina la kambalame kakang'ono.

Mathero a dzina nawonso ali ndi tanthauzo. Mau akuti -inho amacepetsa, monga m'mene ife timaikira "ka" patsogolo pa dzina, pamene -ão amakulitsa. Pa mpikisano wa World Cup wa 1994, gulu la Brazil linali ndi a Ronaldo aŵiri: wamkulu anali Ronaldão, ndipo mnyamata wa zaka 17, Ronaldo Luís Nazário de Lima, anali Ronaldinho. Pamene Ronaldo de Assis Moreira anatulukira, anamucha Ronaldinho Gaúcho, kusonyeza kuti ndi wa ku cigawo ca Rio Grande do Sul. Momwemonso Juninho Paulista ndi Juninho Pernambucano anasiyanitsidwa ndi zigawo za kwawo.

Mau akuti Júnior, Filho ndi Neto amasonyeza mwana kapena mdzukulu amene anatenga dzina la kholo. Neymar da Silva Santos Júnior anatenga la atate ake.

Maina otere sali acilendo kwa ife, pakuti anansi athu a ku Mozambique ndi Angola nawonso analamulidwa ndi Apwitikizi. Eusébio da Silva Ferreira, katswiri wa dziko la Portugal, anabadwira ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, ndipo naye dziko lonse linam'dziŵa ndi dzina limodzi.