Tabitha Chawinga

Tabitha Chawinga ndi Mmalawi wosewera mpira wamiyendo kutsogolo, ndipo ndi mkazi woyamba wa m'dziko muno kulembedwa ntchito ya mpira ku Ulaya. Anabadwa pa 22 Meyi 1996 m'boma la Rumphi.

Ubwana wake

Ali mwana ankasewera ndi anyamata, wopanda nsapato, mpira wake uli wokulunga ndi mapepala apulasitiki. Makolo ake sankakondwera nazo, poti anthu ambiri ankati mpira ndi masewera a amuna. Ali ndi zaka 13 anapita ku Lilongwe kukasewera mu timu ya DD Sunshine. Nthawi imeneyo mpira wa amayi ku Malawi sunali ntchito yoti munthu n'kudyerapo, choncho wofuna malipiro ankayenera kutuluka m'dziko.

Ku Sweden

Mu 2014 anapita ku Sweden, dziko lozizira kwambiri lomwe chinenero chake sankachidziwa. Anayambira mu timu yaing'ono ya Krokom/Dvärsätts IF, komwe anamwetsa zigoli 39. Mu 2015 anasamukira ku Kvarnsvedens IK ya mumzinda wa Borlänge, ndipo zigoli zake 43 zinathandiza timuyi kukwera mu ligi yaikulu ya Damallsvenskan. Mu 2017 anaposa onse mu ligiyi ndi zigoli 26, komabe timu yake inatsika. Chaka chomwecho mng'ono wake Temwa, yemwe ankasewera ku Blantyre Zero, anamutsatira ku Kvarnsvedens.

Ku China ndi kubwerera ku Ulaya

Mu 2018 Jiangsu Suning ya ku China inamugula, ndipo mu 2021 anapita ku timu ya mumzinda wa Wuhan. Timuyi inamubwereketsa kawiri ku Ulaya. Ku Inter Milan ya ku Italy, mu 2022 mpaka 2023, anamwetsa zigoli 23, n'kukhala mkazi woyamba wa ku Africa kuposa onse pa zigoli mu Serie A. Ku Paris Saint-Germain, mu 2023 mpaka 2024, anaposanso onse mu ligi ya ku France ndi zigoli 19. Mu 2024 anasaina kontirakiti ndi Lyon.

Kufunika kwake

Kuyambira 2014 mpaka 2024 Chawinga anagwira ntchito m'mayiko anayi, akusamuka malinga ndi kontirakiti monga amachitira anthu ena opita kunja kukafuna ntchito. Amabwerabe kumudzi kudzasewera mu timu ya dziko ya Scorchers, yomwe wakhala kaputeni wake. Njira yomwe anatsegula inafikitsa Temwa ku Kansas City Current ya ku America, komwe mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya NWSL.