MANKHWALA ODIKIRA MBANDAKUCA

Kwa Mfumu Chikwa, m'cigwa ca Luangwa m'boma la Chama, anthu amalawirira kumunda tambala atangolira, kuti alime dzuwa lisanatenthe. Koma kwa wodwala mtima nthawi imeneyi ndiyo yoopsa. Atalima mizere yowerengeka amamva cifuwa cikuthina monga wasanjikidwa mwala, ndipo ululu utsikira ku dzanja lamanzere. Madokotala amacha nthendayi angina. Imadza pamene mitsempha yopatsa mtima mwazi yacepa njira, kotero kuti mtima ulandira mwazi wosakwanira nchito yace.

M'caka ca 1985 madokotala a ku Boston anaonetsa kuti mtima umagwidwa kawirikawiri kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira masana. Cifukwa cace n'cakuti munthu akamadzuka mtima ugunda msanga, mwazi uthamanga mwamphamvu, ndiponso sucedwa kuundana.

Amuna a m'migodi adziwa dainamaiti, amene Alfred Nobel anapanga ndi nitroglycerine mu 1867. Mu 1879 William Murrell wa ku London analengeza kuti nitroglycerine yemweyo, pang'ono cabe, aletsa ululu wa angina. Kufikira lero odwala amaika kambulu kace pansi pa lilime, nathandizidwa m'mphindi zocepa. Koma mphamvu yace sikhalitsa. Mankhwala ena omwa pogona afika pacimake pakati pa usiku, ndipo kukamaca ayamba kale kufooka.

Cifukwa ca ici akatswiri aganiza zotuma mankhwala ku matumbo akulu, kumene cakudya cifika patapita maora angapo. Amaumba timibulu tating'ono koposa mawere, natikuta kawiri. Cikuto cakunja sicisungunuka m'madzi owawasa a m'mimba. Timibulu tiyenda m'matumbo ang'ono maora atatu kapena anai. Cikuto cam'kati cingapangidwe ndi pectin, wocokera m'makoko a zipatso, amene adyedwa ndi tizirombo ta m'matumbo akulu tokha. Tikaboola cikutoco mankhwala aturuka nalowa m'mwazi. Motero womwa pa 10 koloko usiku ayamba kuchinjirizidwa tambala asanalire.

Mu 1996 dziko la America linalola mbulu wa verapamil womwa pogona, umene udikira maora anai kapena asanu usanayambe nchito. Timibulu ta angina tolunjika m'matumbo akulu tikali kuyesedwa, pakuti matumbo a anthu sayenda mofanana: wotsegula m'mimba atiturutsa msanga, ndipo cakudya cambiri citicedwetsa m'mimba.

Wolandira mbulu wokutidwa asautafune kapena kuusinja, pakuti potero mankhwala onse aturuka nthawi imodzi. Ululu ukapitirira mphindi 15 munthu alikupumula, abale afulumire naye ku cipatala. Ndipo popeza m'dzinja mitsinje imadzala ndi kutseka njira ya ku Chama, wanzeru apimitsa mtima wace mvula isanagwe.