Musanakhulupirire zotsatira za mu Jupyter, yang'anani manambala a m'mbali

Ofufuza za umoyo ambiri masiku ano akafuna kusanthula ziwerengero za odwala amatsegula Jupyter, pulogalamu yogwira ntchito mu browser monga Chrome kapena Firefox. Inachokera ku IPython, imene Fernando Pérez wa ku Colombia anayamba kulemba mu 2001 akuphunzira fizikisi ku yunivesite ya Colorado. Dzina la Jupyter linabwera mu 2014.

Kuizolowera sikuvuta. Mu JupyterLab, mtundu wina wa Jupyter, mafayilo anu amakhala kumanzere, notebuku pakati. Notebukuyo ndi timabokosi tondondozana: tina n'tolembamo malamulo a Python kapena R, tina mawu wamba ofotokoza zimene mukuchita. Mukadina Shift ndi Enter pamodzi, kabokosi kamagwira ntchito ndipo yankho, kaya tebulo kaya tchati, limatuluka pansi pake pomwepo.

Pamene ongoyamba kumene amapunthwa ndi apa. Masamu onse amachitikira kuseri, mu pulogalamu yotchedwa kernel, imene imasunga chilichonse chomwe mwailamula mwa ndondomeko imene munadinira, osati momwe timabokosi tandandalikidwira patsamba. N'chifukwa chake kabokosi kalikonse ka malamulo kali ndi nambala kumanzere kwake, yosonyeza kuti kanayendetsedwa kachingati. Pakaoneka kanyenyezi m'malo mwa nambala, ndiye kuti kernel ikadali pantchito.

Tiyerekeze kuti mukuwerengera ana odwala malungo. Pa kabokosi kachisanu mwachotsa ana opitirira zaka 5, kenako mwabwerera kukachitatu n'kuwerengeranso onse pamodzi. Tsambalo lioneka ngati mwawerenga ana onse, pomwe kernel yawerenga aang'ono okha. Kompyuta sikuchenjezani chifukwa kwa iyo palibe cholakwika. Ngakhale mutafufuta kabokosi kachisanu kaja, zimene kanachita zimatsalabe. Chizindikiro chokha n'chakuti manambala a m'mbali adumphadumpha: 1, 2, 6, 4.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku amene João Felipe Pimentel ndi anzake anatulutsa mu 2019 anasonkhanitsa manotebuku oposa miliyoni imodzi a pa webusaiti ya GitHub. Mwa amene anayesa kuwayendetsanso, pafupifupi 24 pa 100 alionse ndi amene anafika kumapeto popanda vuto, ndipo 4 okha pa 100 ndiwo anatulutsa zotsatira zofanana ndi zoyamba zija. Zifukwa zinali zingapo, kuphatikizapo mafayilo ndi mapulogalamu osowa, koma kwa ine chiwerengero chimenechi n'chodetsa nkhawa, makamaka ngati lipoti lochokera mu notebuku yotere likutsogolera kagawidwe ka mankhwala.

Chithandizo cha vuto la kudumphadumpha lija chili pamwamba pa tsamba, pa mawu akuti Kernel. Sankhani "Restart Kernel and Run All Cells". Kernel idzaiwala zonse n'kuyambiranso pa kabokosi koyamba mpaka komaliza. Chitani zimenezi musanatumize notebuku kwa wina aliyense.

Amene akugwiritsa ntchito manotebuku otere pa Google Colab adziwenso kuti kernel yawo nthawi zambiri ili pa makompyuta a Google, osati pa laputopu yawo. Fayilo yokhala ndi mayina a odwala siyenera kukwezedwa kumeneko popanda chilolezo cha eni kafukufuku.