N'chifukwa chiyani ena amakodwa msanga ndi fodya? Mbewa za mu labotale zapereka yankho

Mukafika pa doko la Kachulu m'boma la Zomba m'mamawa, mabwato akukocheza ndi matemba, makumba ndi milamba, mudzaona asodzi ena ndudu ili pakamwa. Ena amapichira okha chingambwe papepala. Usiku pa nyanja ya Chilwa kumazizira, udzudzu umachuluka, ndipo amene amagona pa zimbowera amatha masabata asanapondeko kumtunda. Fodya amasanduka mnzawo wochezera naye.

Koma mwina munaonapo izi kwanuko. Anyamata awiri ayamba kusuta tsiku limodzi. Wina mutu ukumuwawa, akumva nseru, ndipo osabwerezanso. Mnzake pakutha pa chaka sangapalase bwato asanayatse ndudu. Wina amasiya mosavuta, wina walumbira kasanu koma amabwererabe. Ambiri timangoti wachiwiriyo ndi wofooka mtima. Kafukufuku amene akatswiri akhala akuchita pa mbewa kwa zaka zoposa 30 akuonetsa kuti mbali ina ya nkhaniyi ili m'zimene munthu amabadwa nazo.

Kodi majini n'chiyani?

Majini amene tikunena pano si mizimu ija anthu amati yagwira munthu. Awa ndi malangizo amene ali mu selo lililonse la thupi lanu, olembedwa mu DNA. Theka munatengera kwa mayi anu, theka kwa bambo anu. Ndi amene amachititsa kuti mwana afanane mphuno ndi agogo ake, ndiponso amalamula mmene chiwindi ndi ubongo wanu zimagwirira ntchito. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000, ndipo ambiri mwa iwo amapezekanso mu mbewa.

Chimene nikotini amachita mu ubongo

Chimene chimakola munthu mu fodya ndi nikotini. Mukakoka utsi, nikotini amalowa m'magazi kudzera m'mapapo ndipo amafika mu ubongo pasanathe masekondi 20. Kumeneko amapeza timalo tolandirira uthenga tomwe tili ngati loko, iye n'kulowamo ngati kiyi. Loko akatseguka, ubongo umatulutsa dopamine, mankhwala achilengedwe amene amakupangitsani kumva bwino mukadya nsima muli ndi njala kapena mukalandira ndalama. Ubongo umaphunzira kuti chimene chachitikacho n'chofunika kubwereza.

Mukapitiriza kusuta, ubongo umawonjezera timalo timeneti ndipo umazolowera. Nikotini akachepa m'magazi mumayamba kukwiya msanga, kusowa mtendere, kulephera kuika maganizo pa ntchito. Chimenechi ndicho chibaba.

Loko aliyense amapangidwa ndi tizidutswa tisanu, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi jini lake. Jini likasiyana pang'ono, lokoyo amatsegukanso mosiyana. Apa ndi pamene mbewa zathandiza.

Bwanji mbewa?

Kwathu kuno mbewa ndi ndiwo, koma za mu labotale si zija zogulitsa pa timitengo m'mbali mwa msewu. Ndi mtundu wa mbewa za m'nyumba zomwe akatswiri akhala akuweta kwa zaka zoposa 100, kukweretsa zapachibale zokhazokha mpaka mbewa zonse za fuko limodzi zinafanana majini ngati mapasa. Zimadya chakudya chimodzi, zimagona malo ofanana, zilibe anzawo ozinyengerera, zilibe ngongole. Choncho mafuko awiri akamachita zosiyana, chifukwa chake chimakhala m'majini. Kuwonjezera apo, akatswiri amatha kuchotsa jini limodzi mu mbewa n'kuona chimene chisinthe, zomwe sizingachitike pa munthu.

Mabotolo awiri

Njira yoyamba inali yapafupi. M'khola la mbewa amaikamo mabotolo awiri, lina la madzi okha, lina la madzi osakaniza ndi nikotini, mbewa n'kumasankha yokha. Ku yunivesite ya Colorado ku America, gulu la Allan Collins linayerekeza mafuko angapo a mbewa mwa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1990. Linapeza kuti fuko lotchedwa C57BL/6 limamwa nikotini wambiri kuposa ena, pamene mafuko ena monga C3H amamwa wochepa. Mafuko amene thupi lawo limavutika msanga ndi nikotini ndi amene ankamupewa.

Jini lopatsa moto

Mu 1998, Marina Picciotto ndi gulu la Jean-Pierre Changeux la ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mbewa zomwe anazichotsa jini la kachidutswa kotchedwa beta2. Mbewa wamba zikaphunzira kuti kugunda kabowo ndi mphuno kumazipatsa nikotini, zimapitiriza kugunda. Zopanda beta2 zinaleka, ndipo nikotini sankatulutsa dopamine mu ubongo wawo. Mu 2005, akatswiri a ku Institut Pasteur komweko anabwezera jinilo m'kachigawo kamodzi kokha ka ubongo, ndipo mbewazo zinayambanso kufuna nikotini.

Mukayerekeza ndi njinga yamoto ya kabaza, beta2 ndi pamene dalaivala amapatsira moto.

Jini la buleki

Njinga imafunanso buleki. Mu 2011, Christie Fowler ndi Paul Kenny a ku Scripps Research Institute ku Florida anayesa mbewa zopanda jini la kachidutswa kena kotchedwa alpha5. Mbewa wamba zikapatsidwa nikotini wamphamvu kwambiri zimachepetsa zokha, chifukwa mbali ina ya ubongo yotchedwa habenula imazichenjeza kuti zakwana. Zopanda alpha5 sizinamve chenjezolo. Zinapitiriza kutenga nikotini wochuluka amene mbewa zinzawo zinkamukana. Atabwezera jinilo mu habenula, buleki anayambanso kugwira.

Kumbukirani mnyamata uja anamva nseru tsiku loyamba. N'kutheka kuti buleki wake ndi wamphamvu, ndipo nseruyo ndi imene inamupulumutsa. Uja amene anzake anamutama kuti ndi dolo chifukwa sanatsokomole ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu.

Nanga mwa anthu?

Mbewa si munthu, choncho akatswiri anafufuzanso mwa anthu. Kafukufuku wa mapasa m'mayiko osiyanasiyana akuonetsa kuti pafupifupi theka la kusiyana kwa anthu pa nkhani yokodwa ndi nikotini limachokera m'majini. Theka linalo ndi za m'moyo: msinkhu umene munayambira, anzanu, mtengo wa ndudu, nkhawa, ntchito imene mumagwira.

Mu 2008, magulu atatu a akatswiri, kuphatikizapo kampani ya deCODE ya ku Iceland, anapeza malo pa chromosome 15 pamene pali jini la alpha5 lomwe lija, lotchedwa CHRNA5. Anthu amene ali ndi mtundu wina wa jinili amasuta ndudu zambiriko patsiku ndipo khansa ya m'mapapo imawagwira kwambiri. Koma kusiyanako si kwakukulu: pafupifupi ndudu imodzi patsiku pa jini limodzi limene munthu watengera. Palibe jini limodzi limene limalamula kuti munthu akhale wosuta. Alipo ambirimbiri, ndipo lililonse limangokankha pang'ono.

Chiwindi nachonso chili ndi mbali yake. Jini lotchedwa CYP2A6 limalamula liwiro limene chiwindi chimaphwanyira nikotini. Rachel Tyndale wa ku yunivesite ya Toronto ku Canada wafufuza kwambiri zimenezi. Amene chiwindi chawo chimaphwanya msanga nikotini amamva chibaba pafupipafupi, amasuta zambiri, ndipo kusiya kumawavuta. Amene chimaphwanya pang'onopang'ono ndudu imodzi imawakhalitsa.

Kodi izi zikutikhudza ife Amalawi?

Pali chenjezo. Kafukufuku wambiri wa majini anachitika pa azungu. Mtundu uja wa CHRNA5 wopezeka mu 2008 ndi wofala ku Ulaya koma ndi wosowa kwambiri mwa anthu a mu Africa. Komanso anthu ambiri akuda amaphwanya nikotini pang'onopang'ono poyerekeza ndi azungu. Musaganize kuti ndiye kuti ndinu otetezeka. Loko amene nikotini amatsegula ali mu ubongo wa munthu aliyense, ndipo ngakhale ndudu imodzi patsiku imakweza chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko.

Dziko lathu ndi limodzi mwa amene amalima fodya wa burley wambiri padziko lonse, ndipo amagulitsidwa ku okushoni ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. Fodya sasowa. Chingambwe n'chotchipa ndipo chilibe sefa. Fodya wa m'mphuno ndi woika m'kamwa, amene amayi ena achikulire amakonda, alinso ndi nikotini yemweyo. Ngakhale amene sasuta koma amathyola masamba onyowa kumunda, nikotini amawalowa pakhungu n'kuwachititsa chizungulire ndi kusanza. N'chifukwa chake ana sayenera kugwira ntchitoyi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo ndi amene sasuta koma amapuma utsi wa anzawo. Mu 2023 dziko la Malawi linavomereza pangano la WHO lochepetsa kugwiritsa ntchito fodya. Kwa msodzi wa ku Kachulu kapena ku Chisi pali vuto lina lowonjezera: mapapo ake amapuma kale utsi wowambira nsomba, ndipo amagona mopanikizana ndi anzake. Kusuta kumawonjezera chiopsezo chodwala chifuwa chachikulu cha TB.

Tetezani ana

Makoswe ndi mbewa zazing'ono, za msinkhu wofanana ndi wa achinyamata, zimakopeka ndi nikotini kuposa zazikulu ndipo sizimva kuipa kwake msanga. Mwa anthu, osuta ambiri anayamba asanakwanitse zaka 20, ubongo ukadakula. Simungadziwe poyang'ana nkhope kuti mwana wanu ali ndi buleki wotani. Ndiye musamutume kukagula ndudu, musamutume kukakuyatsirani pa moto, ndipo musasutire m'nyumba. Ngati kwanu agogo, bambo ndi amalume onse amasuta, muuzeni mwanayo poyera kuti kulawa kokha kukhoza kumukola msanga kuposa anzake.

Ngati mukufuna kusiya

Majini sasintha, koma ubongo umasintha. Mukasiya, timalo towonjezera tija timabwerera mwakale pakatha masabata angapo. Masiku ovuta kwambiri ndi a sabata yoyamba, makamaka lachiwiri ndi lachitatu. Kenako chibaba chimayamba kuchepa, ndipo kwa ambiri chimaphweka pakatha milungu iwiri kapena inayi.

Sankhani tsiku losiyira ndipo uzani akwanu ndi anzanu a m'bwato. Tayani fodya yense, musasunge wapadera. Chibaba chikabwera chimatenga mphindi zochepa n'kudutsa, choncho imwani madzi, tafunani nzimbe kapena mtedza, gwirani ntchito ina. Dziwani nthawi zimene zimakukumbutsani fodya, monga mukatha kudya kapena mukamamwa mowa. Masabata oyamba pewani mowa, chifukwa ndi umene umagwetsa ambiri.

Pali mankhwala othandiza. Ena amapatsa thupi nikotini wochepa wopanda utsi, monga chingamu ndi zomata pakhungu. Ena, monga varenicline, amakakhala pa loko yemwe uja wa beta2, kuchepetsa chibaba ndi kukoma kwa ndudu. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Funsani dokotala kapena wogulitsa mankhwala wovomerezeka musanayambe kumwa, makamaka ngati muli oyembekezera kapena muli ndi matenda ena. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akhozanso kukulozerani koyambira.

Phindu limayamba msanga. Malinga ndi WHO, pakatha maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide m'magazi umatsika kufika pa mlingo woyenera, ndipo pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka poyerekeza ndi cha amene akusutabe. Wosiya asanakwanitse zaka 40 amapewa pafupifupi 90 peresenti ya chiopsezo chofa ndi matenda a fodya.

Ngati munayesapo n'kubwerera, simuli nokha. Ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo, ndipo mwina thupi lanu limangofuna thandizo lochulukirapo kuposa la mnzanu. Yesaninso, ulendo uno muli ndi wokuthandizani. Ndipo ngati mwatsokomola kwa milungu iwiri, mukutuluka thukuta usiku, mukuonda kapena mwalavula magazi, musadikire kuti musiye kaye fodya. Pitani kuchipatala chapafupi mukayezetse makhololo. Kuyezetsa ndi kulandira mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi kwaulere.